Nyama ya nkhumba yochokera kunja: kodi mlimi wa kwa Nsamala aima pati?

Mlimi wa nkhumba wa m'dera la Mfumu Yaikulu Nsamala m'boma la Balaka akamva kuti m'sitolo za ku Blantyre muli masoseji ochokera ku South Africa, amadzifunsa kuti: nanga nkhumba zanga zinalakwanji? Funso limeneli ndilo gwero la kusamvana pakati pa alimi ndi makampani okonza nyama.

Dandaulo la alimi ndi lomveka. Nkhumba imadalira madeya ndi soya, ndipo ku Balaka, kumene mvula imavuta kawirikawiri, chimanga chikalephera madeya amakwera mtengo, mwinanso anthu amawadya okha. Kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudakwezanso mtengo wa mankhwala a ziweto. Msika wapafupi nawo ndi wochepa, poti abale athu ambiri achisilamu a ku Balaka ndi Machinga sadya nyamayi. Choncho mlimi amagulitsa kwa mavenda pa mtengo womwe iwo anena.

Nawo makampani ali ndi mfundo zawo. Iwo amafuna nkhumba zolemera mofanana, zopanda mafuta ambiri, zoyezedwa ndi alangizi a ziweto, ndiponso zobwera sabata ndi sabata. Mlimi wa nkhumba zitatu, amene amagulitsa pokhapokha fizi ya mwana ikafunika, sangakwanitse izi. Nkhumba zongoyendayenda m'mudzi zimapezekanso ndi timphutsi ta njoka zam'mimba m'minofu, ndipo nyama yotere imakanidwa.

Mdani wa onse awiri ndi chigodola cha nkhumba. Matendawa alibe mankhwala, ndipo amafala kudzera m'nyama, m'zakudya zotsala, m'nsapato za alendo komanso nkhufi za m'khola. Akabuka, boma limaletsa kuyendetsa ndi kugulitsa nkhumba. Mlimi amasowa msika, kampani n'kuyang'ana kunja.

Mu Malichi 2025, unduna wa zamalonda udaletsa kuitanitsa katundu wina kunja, kuphatikizapo masoseji ndi nyama zina zokonzedwa kale, pofuna kuteteza alimi ndi kusunga ndalama zakunja. Mwezi wotsatira dziko la Tanzania lidabwezera potseka malire ake ku zokolola za Malawi, kufikira maiko awiriwa atakambirana. Apa tidaphunzira kuti chiletso chili ndi mtengo wake, ndipo pachokha sichinenepetsa nkhumba.

Tsono chotsala n'chiyani? Mutu umodzi susenza denga. Alimi khumi kapena makumi awiri akapanga gulu, angathe kugula madeya pamodzi nthawi yokolola, kubweretsa mtundu wabwino wa nkhumba, kumanga makola olimba osalowamo alendo, ndi kulemberana mgwirizano ndi wogula nkhumba zisanakule. Makampani nawonso ayenera kunena poyera mtengo wa kilogalamu ndi kulipira m'nthawi yake. Popanda chilungamo chotere, khola la kwa Nsamala lidzapitiriza kudyetsa venda, mwini wake ali chimanjamanja.