Bondo likakana, yambani mwapaka musanameze mapilitsi

Ku Bangwe, Ndirande ndi Chilomoni nyumba zambiri zili m'zitunda. Kwa gogo amene bondo lake lagwidwa ndi nyamakazi, kuchoka pa siteji ya minibasi kukafika pakhomo ndi chintchito, ndipo chitsikitso ndiye chimalasa kuposa chikweza.

Nyamakazi ya m'bondo imadza pamene kafupa kofewa koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa kayamba kuperepeseka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2019 anthu 365 miliyoni adali ndi vutoli, ndipo limagwira kwambiri amayi ndi anthu opitirira zaka 55.

Ululu ukakula ambiri amathamangira bulufeni kapena indosidi, n'kumameza tsiku ndi tsiku. Apa ndiye pagona ngozi. Mapilitsiwa akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda zam'mimba, amaononga impso komanso amakweza BP, makamaka kwa achikulire.

N'chifukwa chake mu 2022 bungwe lolangiza madokotala ku England la NICE lidati pa bondo ayambe apereka mankhwala opaka. Odziwika kwambiri ndi diclofenac, amene ena amawadziwa ndi dzina la Voltaren. Bondo lili pafupi ndi khungu, choncho mankhwala amalowerera pomwe pali ululupo, ndipo ofika m'magazi amakhala ochepa zedi. Amapakidwa katatu kapena kanayi patsiku, koma safuna phuma: pangathe sabata kapena awiri munthu asanaone kusintha kwenikweni.

Mafuta otentha monga Deep Heat amangophimba ululu kwa kanthawi.

Pali mwambo wina wofunika kusamala nawo, wotema mphini pabondo. Mankhwala opakawa saloledwa pakhungu lotemedwa kapena la chilonda, ndipo lezala lobwerekana likhoza kufalitsa HIV. Kuthowa ndi madzi otentha mutangopaka n'kosayeneranso. Amayi oyembekezera, odwala mphumu ndi a vuto la impso ayambe afunsa dokotala kapena wa ku famase.

Tisanamizane, palibe chopaka chimene chimabwezeretsa kafupa kaja. Chimene chimathandiza bondo kwa nthawi yaitali ndi mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu, kuchepetsa thupi ngati lanenepa, ndi ndodo yoyendera, yogwiridwa kudzanja la mbali yosapweteka.

Koma bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, thupi lonse n'kumaphwanya, musataye nthawi ndi zopaka. Thamangirani kuchipatala cha m'dera lanu monga cha Zingwangwa kapena Ndirande, komwe angakutumizeni ku Gulupu.