Gombe la Chembe

Ana inu, kummwera kwa Nyanja ya Malawi, m'boma la Mangochi, kuli dziko la mapiri lolowa m'madzi lotchedwa Nankumba. Kunsonga kwake kuli gombe la mchenga, ndi mudzi waukulu wa asodzi, dzina lake Chembe. Azungu amatcha malowa Cape Maclear, pakuti David Livingstone anawapatsa dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, wodziwa za nyenyezi wa ku Cape Town.

Gombeli ndi dooko labwino. Mapiri ali kumbuyo kwake, natchinga mphepo ya mwera. Ndipo patsogolo pali zilumba za Domwe ndi Thumbi. Chifukwa chake mabwato amakocheza mwamtendere, ngakhale nyanja yakalipa kwina. Usiku asodzi amapha usipa ndi nyali, ndipo mmawa amauyanika pa thandala.

M'chaka cha 1875 anafikapo amishoni a ku Scotland, E. D. Young ndi Dotolo Robert Laws ndi anzawo, pa sitima yaing'ono dzina lake Ilala. Sitimayo anaiphwasula pa mathithi a Shire. Anthu mazana anasenza zitsulo zake pamutu, ndipo anaimanganso kumtunda kwa mathithiwo. Pa Chembe anamanga nyumba ndi sukulu, natcha malowo Livingstonia.

Koma malungo anawasautsa kwambiri. Masiku amenewo panalibe wodziwa kuti nthendayo imadza ndi udzudzu. Dotolo William Black anamwalira mu 1877, ndipo manda ake ndi a anzake alipobe patsinde pa phiri. Tsono mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe. Kodi anagwira ntchito pachabe? Iyayi, pakuti chaka chomwecho anabatiza Albert Namalambe, Mkhristu woyamba wa mishoniyo, amene anatsala kuphunzitsa anthu kumeneko.

Kufupi ndi njira yopita ku Monkey Bay kuli Mwala wa Mphini. Mizere yake ikunga mphini za makolo athu, koma sanaitema munthu. Mwalawo unang'ambika wokha pa zaka zosawerengeka.

Pakati pa miyala ya m'madzi pamakhala mbuna, tinsomba ta mawangamawanga tosapezeka m'nyanja zina. Pofuna kutisunga, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980. Nsomba ikatha siibweranso. Nchifukwa chake msodzi wanzeru sakoka tiana ta nsomba ndi ukonde wa udzudzu. Ukondewo ntchito yake ndi kutiteteza ku nthenda ija inapha Dotolo Black.

Mafunso

1. Chimatchinga mwera pa Chembe nchiyani?
2. Amishoni anasamukiranji ku Bandawe?