Mtanthauziramawu wa katundu: dzina lokha silikwanira pogula zipangizo

Mkulu woona zogula katundu mu nthambi ya boma akalemba kuti akufuna "pampu ya madzi", amaona ngati wanena zomveka. Koma kwa wogulitsa, mawu amenewa angatanthauze pampu yopopa ndi manja ya pa mjigo, yoyendera magetsi kapenanso yoyendera dizilo. Katundu akafika wosayenera, ndalama za boma zimakhala zalowa m'madzi, ntchito imaima, ndipo anthu amene amayembekezera madzi aukhondo amabwerera kumtsinje.

Pofuna kuthana ndi vuto lotereli, mabungwe oona za miyezo pa dziko lonse anakhazikitsa ndondomeko zofotokozera katundu wa m'mafakitale mofanana kulikonse. Ndondomekozi zimagwira ntchito ziwiri zosiyana: kuika katundu m'magulu, ndi kutanthauzira mfundo iliyonse yonena za katunduyo.

Ntchito yoyamba ndi yodziwika kale kwa ogwira ntchito m'zipata za dziko. Ndondomeko ya Harmonized System, yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la World Customs Organization ku Brussels, inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1988. Imagawa katundu m'magulu oposa 5,000, gulu lililonse ndi nambala yake ya manambala asanu ndi limodzi, ndipo mayiko ndi madera oposa 200 amaigwiritsa ntchito. Fodya wosakonzedwa ali pansi pa mutu 2401, tiyi pa 0902, ndipo mapampu a madzi ndi zinthu zina zamadzimadzi ali pa 8413. Bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority limatsata ndondomeko yomweyi powerengera msonkho wa katundu wolowa m'dziko.

Ngakhale zili choncho, nambala ya 8413 imangonena kuti katunduyo ndi pampu. Sinena malita amene pampuyo imapopa pa ola limodzi, kuya kwa chitsime chimene ingakokemo madzi, kapena mphamvu ya magetsi imene imafuna. Apa ndi pamene pamafunika ntchito yachiwiri, yomwe akatswiri amaitcha data dictionary, kapena kuti mtanthauziramawu wa katundu.

Malamulo opangira mtanthauziramawu wotere ali m'miyezo iwiri yogwirizana: IEC 61360 ya bungwe la International Electrotechnical Commission, ndi ISO 13584 ya bungwe la International Organization for Standardization. Mabungwe onse awiri ali ndi malikulu awo ku Geneva. Malinga ndi miyezoyi, mfundo iliyonse ya katundu, monga kulemera, kutalika kapena mphamvu ya magetsi, imapatsidwa nambala yakeyake, dzina, tanthauzo lomveka bwino, muyezo woyenera kugwiritsa ntchito, komanso mtundu wa yankho lololedwa.

Nambalayo ndiyo phata la nkhani yonse. Dzina la mfundo limasintha malinga ndi chiyankhulo, koma nambala imakhala yomweyo. Choncho kompyuta ya fakitale ku Germany ikatumiza zambiri za injini, kompyuta ya wogula ku China kapena ku Malawi imazindikira kuti nambala yakutiyakuti ikunena za kulemera kwa injiniyo m'makilogalamu, popanda munthu kumasulira kapena kulembanso ndi manja.

Chitsanzo chodziwika ndi ECLASS, mtanthauziramawu umene makampani akuluakulu a ku Germany anaukhazikitsira bungwe m'chaka cha 2000. Umenewu umaphatikiza ntchito ziwiri zija. Katundu amapatsidwa nambala ya manambala asanu ndi atatu, yomwe imatsika masitepe anayi kuchoka ku gulu lalikulu kufika ku mtundu weniweni wa katunduyo. Pa sitepe yomalizayo pamakhala mndandanda wa mfundo zonse zimene wopanga ayenera kudzaza.

Kuopsa kosagwirizana pa tanthauzo kunaoneka m'mwezi wa Seputembala 1999, pamene chombo cha bungwe la NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika ku Mars. Kafukufuku anapeza kuti gulu lina la akatswiri linkapereka manambala m'miyezo ya mapaundi, pomwe lina linkawawerenga ngati a metiriki. Mbali zonse ziwiri zinawerengera bwino, koma sizinamvane kuti manambalawo akuimira chiyani.

Ngozi yomweyi ingachitike pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Magetsi a m'nyumba ndi m'maofesi ku Malawi ndi a mavoti 230 pa 50 hertz, pomwe ku America ndi a mavoti 120 pa 60 hertz. Makina a m'chipatala kapena a m'labotale ogulidwa potchula dzina lokha angathe kupsa tsiku loyamba kuwalumikiza, ngakhale kuti wogulitsa anabweretsa chimene chinalembedwa pa pepala.

Phindu lina limaoneka m'nyumba zosungira katundu. Chipangizo chimodzi chikalembedwa ndi mayina atatu osiyana m'kaundula, chimaoneka ngati zipangizo zitatu. Nthambi imatha kugula chimene ili nacho kale, kapena kusiya galimoto itakhala pamiyala pomwe chitsulo chofunikacho chili pa shelefu pansi pa dzina lina. Kufotokoza katundu mofanana kumathandizanso komiti younika ma tenda kuyerekeza mitengo ya zinthu zofananadi, ndipo kumachepetsa mpata wolembera tenda mokomera kampani imodzi.

Komabe, mtanthauziramawu si chinthu chongokhazikitsa n'kuiwala. Zipangizo zatsopano zimabwera chaka ndi chaka, ndipo n'chifukwa chake Harmonized System imaunikidwa pafupifupi zaka zisanu zilizonse, monga zinachitikira mu 2017 ndi mu 2022. Pamafunika anthu osamalira kaundula, maphunziro kwa ogwira ntchito, komanso upangiri wa oona za miyezo, ntchito imene m'dziko muno ili m'manja mwa bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972.

Ngakhale ofesi ilibe makompyuta olumikizana ndi mafakitale akunja, ikhoza kutsata mfundo yaikulu ya miyezoyi. Wolemba pempho la katundu atchule gulu la katunduyo, afotokoze mfundo iliyonse yofunika, ndipo pambali pa nambala iliyonse alembe muyezo wake. Pempho la pampu lija likatchula malita pa ola, kuya kwa chitsime m'mamita ndi mavoti a magetsi, wogulitsa sakhalanso ndi mpata wongoganizira.