MAKINA OYEZERA ZIVOMEZI AYAMBA KULONDOLA ZOGWA KUCHOKERA KUMWAMBA

Pa 30 Disembala, 2024, anthu a m'mudzi wa Mukuku ku Kenya anadzidzimuka pamene chimkombero chachitsulo cholemera pafupifupi makilogalamu 500 chinagwa kuchokera kumwamba. Akuluakulu a Boma kumeneko anati chinali chidutswa cha roketi. Mwamwayi sichinaphe munthu.

Awerengi athu adziwe kuti chombo cha mumlengalenga chikatha ntchito, chimatsika pang'onopang'ono kufikira chitalowanso mumpweya wa dziko lino, ndipo chimapsa ndi kusweka. Kuneneratu malo amene zotsala zake zidzagwere n'kovuta, pakuti chimathamanga pafupifupi makilomita 8 pa sekondi imodzi. Wolakwitsa ndi mphindi zisanu zokha waphonya ndi makilomita oposa 2,000.

Tsono akatswiri apeza njira ina. Chinthu chikathamanga kuposa liwiro la mawu chimagunda ngati bingu, ndipo kugundako kukafika pansi kumagwedeza nthaka. Makina oyezera zivomezi amalemba nthawi imene kugwedezako kwafika. Poyerekeza nthawi za makina a m'malo osiyanasiyana, njira imene chinthucho chadzera imadziwika.

Pa 2 Epulo, 2024, mbali ina ya chombo cha ku China chotchedwa Shenzhou-15 inasweka pamwamba pa California, ku Amereka. Benjamin Fernando wa ku Johns Hopkins University ndi Constantinos Charalambous wa ku Imperial College London anasanthula zolembedwa ndi makina oposa 100, napeza njira yake ndi liwiro lake.

Njirayi siichenjeza anthu, chifukwa phokoso limafika chinthucho chitadutsa kale. Phindu lake ndilo kupeza zidutswa msanga, popeza zina n'zapoizoni. M'chaka cha 1978 chombo cha Soviet Union, Kosmos 954, chinamwaza zidutswa za nyukiliya kumpoto kwa Canada, ndipo ntchito yozifunafuna inatenga miyezi yambiri.

Chokondweretsa n'chakuti masiku ano kuli timakina totsika mtengo, monga Raspberry Shake, timene sukulu zambiri m'maiko ena zinaika kale. Kuno kwathu, kumene Karonga anagwedezeka koopsa m'chaka cha 2009, makina otere tikuwafuna kale chifukwa cha zivomezi. Aphunzitsi ndi antchito a Boma aganizirepo bwino: kachipangizo kamodzi pasukulu kangamvere za pansi ndi za kumwamba zomwe.