Mapu a nyanja ndi Shire: Neno ikufunika kuwaona

Madzi otuluka m'nyanja ya Malawi ali ndi khomo limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Akadutsa Mangochi, nyanja ya Malombe ndi Liwonde, amafika m'malire a maboma a Neno ndi Blantyre, kumene mtsinjewu umatsetsereka m'mathithi ndi kupukusa makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Boma la Neno, lomwe linapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, lilibe gombe, komabe madzi akakwera kapena kutsika kunyanja, zotsatira zake zimadutsa pakhomo pake.

Ntchito yojambula mapu a dziko lino ili m'manja mwa nthambi ya boma yoyeza malo. Gawo lake loyeza kuya kwa nyanja lili ku Monkey Bay, ndipo mapu ake amathandiza oyendetsa sitima kudziwa pamene pali miyala ndi mchenga. Koma si nthambiyi yokha imene imasunga miyeso. A zanyengo ali ndi kaundula wa mvula, bungwe la National Water Resources Authority limalondoloza kuchuluka kwa madzi, a zankhalango amadziwa kumene mitengo yatha, nthambi yoona za ngozi ya DoDMA imalemba midzi yomwe imakhudzidwa, pomwe kampani yopanga magetsi ya EGENCO imadziwa madzi amene makina ake amafuna. Ofesi iliyonse ikatsekera zake m'kabati, mtsinje umodzi umayezedwa kawiri ndi ndalama za boma lomwelo, ndipo mapu ake sagwirizana akawaika pamodzi.

Pofuna kuthetsa vutoli, m'chaka cha 2012 boma, mothandizidwa ndi World Bank, linatsegula MASDAP, nkhokwe ya pa intaneti yomwe nthambi za boma ndi mabungwe amaikamo mapu a mitsinje, misewu, midzi ndi malo osefukira madzi kuti aliyense atengemo kwaulere.

Kufunika kogawana miyeso kumaonekera bwino pa zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zomwe zinamangidwa mu 1965 ndipo zimawongolera madzi otsika mu Shire. Mbiri imasonyeza kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kulandira madzi ake. Zimenezi zitachitikanso lero, makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira angaime, ndipo mzinda wa Blantyre, womwe umapopa madzi ku Walker's Ferry, ungavutike koopsa. Mu 2024 zinatembenuka: nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja. Anthu a kumeneko anapempha kuti zitseko zitsegulidwe kwambiri, koma madzi otayidwa ku Liwonde amakagwera makina a magetsi ndi midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Wogwira zitsekozo sangaweruze mwachilungamo ngati alibe patebulo limodzi muyeso wa nyanja, ulosi wa mvula ndi mapu a midzi ya mbali zonse ziwiri. Apa chinsinsi cha ofesi imodzi chikhoza kumiza nyumba za anthu amene sanafunsidwe n'komwe.

Neno nayo ili ndi zake zoti ipereke. Mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi imathira mu Shire kumtunda kwa Kapichira, ndipo mapiri akametedwa ndi ootcha makala, omwe matumba awo amaoneka m'mbali mwa msewu ku Zalewa, dothi limakokoloka n'kukadzaza damu. Zithunzi zojambulidwa kuchokera mlengalenga zimasonyeza bwino kumene nkhalango yapita, koma zimathandiza pokhapokha a zankhalango, a zaulimi ndi a magetsi akuwerenga chithunzi chimodzi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 a magetsi. Tsopano pali chikonzero cha damu la Mpatamanga, m'malire momwemo a Neno ndi Blantyre. Amene minda ndi manda awo adzamizidwe adzadziwika ndi mapu, ndipo chipukuta misozi chidzatsata mzere wojambulidwa pamenepo.

Kumunsi, Shire amathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique, madziwo n'kukathera m'nyanja yamchere ya India. N'chifukwa chake maiko asanu ndi atatu a chigwa cha Zambezi ali ndi bungwe la ZAMCOM, lochokera pa mgwirizano wa 2004, lomwe likulu lake lili ku Harare ndipo ina mwa ntchito zake ndi kugawana miyeso ya madzi.

Chotsalira chachikulu ndi kutsitsa mapuwa kwa eni malo. Nkhokwe ya pa intaneti, yolembedwa m'Chingerezi, siifikira mlimi wa kwa Dambe, kwa Mlauli kapena kwa Symon. Khonsolo ya Neno iyenera kukhala ndi mapu osindikizidwa a mitsinje ndi malo oopsa, ndipo mafumu pamodzi ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi awalandire ndi kuwafotokozeredwa m'Chichewa mvula isanayambe.