Katemera wa galu ndi chishango cha mwana

Kuno m'mbali mwa nyanja ya Chilwa galu ndi mphaka ali ndi ntchito. Galu amalondera khola la mbuzi usiku ndi kuingitsa akuba pathandala la matemba, pomwe mphaka amathana ndi makoswe m'nkhokwe ndi pamatumba a mpunga. Koma tikamatchula ziweto zofunika mlangizi, timangoti ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku basi. Galu timati adziwonera yekha. Abale, apa m'pomwe chiwewe chimalowera m'mudzi.

Chiwewe chimayenda bwanji?

Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Galu akaluma munthu, kapena kunyambita pabala, kachilomboka kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Nthawi zambiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola kale, banja litaiwala. Zizindikiro zikayamba, monga kusokonezeka mutu, kutuluka dovu ndi kuopa madzi, palibenso mankhwala ochiza.

Bungwe la zaumoyo la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi ku Asia. Pa anthu 100 alionse odwala matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa galu, ndipo anayi mwa khumi alionse omwalira ndi ana osakwana zaka 15. Sizodabwitsa: ana ndiwo amasewera ndi agalu, ndipo akakandidwa pang'ono amabisa poopa kukalipiridwa.

Kubaya galu n'kuteteza mudzi

Akatswiri adapeza kuti agalu 70 pa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera, kachilomboka kamasowa kolowera ndipo matenda amatha okha. Sitikunena za maiko akutali. Mu 2015, bungwe la Mission Rabies, mothandizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo ntchitoyi idafikanso ku Zomba ndi ku Chiradzulu, maboma oyandikana nafe.

Katemerayu ndi wa chaka ndi chaka. Agalu akumudzi sakhalitsa. Ena amafa, tiana tatsopano timabadwa, ndiye mudzi umene udabayitsa chaka chatha lero uli ndi agalu ambiri osatetezedwa. Alangizi a ziweto akalengeza tsiku, tipite ndi agalu onse, tiana tomwe, osaiwala mphaka. Kapepala kamene amapereka tikasunge bwino, chifukwa galu wathu akadzaluma mwana wa mnansi, ndi komweko kadzatiyankhulire. Ena amati katemera amafoola galu, sauwanso ngati kale. Si zoona. Galu wobayidwa amalondera monga mwa nthawi zonse.

Ambiri mwa ife timapewa malovu a galu chifukwa cha ukhondo wa pa swala, choncho galu amakula osagwiridwapo, ndipo tsiku la katemera palibe womugwira. Njira yake ndi kumuzoloweza chingwe akadali wamng'ono, kuti munthu wamkulu athe kumutsogolera popanda kulimbana naye. Tisasiyire ana okha ntchito imeneyi. Amene mumakhalitsa m'zimbowera kapena kudoko la Swang'oma, siyani mwauza wina pakhomo kuti adzapite naye galuyo.

Njoka zam'mimba, nkhupakupa ndi nthata

Galu wowonda, wotupa mimba, waubweya wonyankhalala, kawirikawiri amakhala ndi njoka zam'mimba. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi n'kutsala m'dothi pomwe ana amakwawa. Agalu ndi amphaka akuluakulu azimwa mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse, ndipo tiana timafunika pafupipafupi kuposa apo. Mlingo wake umatengera kulemera kwa chiweto, ndiye tifunse mlangizi.

Tikazinga mbuzi kapena ng'ombe, makamaka pa Eid ya Qurbani pamene nyama imachuluka, chiwindi kapena mapapo okhala ndi timatumba ta madzi tisaponyere galu. Timatumbato ndi ana a njoka zam'mimba. Galu akadya, amakamwaza mazira pamsipu, mbuzi zina n'kudwalanso. Tikwirire mozama kapena kuwotcha.

Nkhupakupa ndi nthata zimayamwa magazi ndi kufalitsa matenda. Tiziyang'ana m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala za galu, ndi kusesa pogona pake. Koma chenjezo ndi ili: mankhwala opopera thonje kapena ndiwo zamasamba si osambitsira chiweto. Dipi wa ng'ombe ndi mankhwala ena a agalu amatha kupha mphaka, ndipo Panado, ngakhale kachidutswa, ndi poizoni kwa mphaka. Ngati agalu achuluka moti sitingathe kuwadyetsa, tifunse alangizi za kufula kapena kutseketsa kubereka, m'malo motaya tiana kudambo komwe timakasanduka agalu osowa mwini.

Munthu akalumidwa

Choyamba si kuthamangira galu, ndi kutsuka bala. Titsuke ndi sopo ndi madzi ambiri othira mosalekeza kwa mphindi 15. Osathirapo dothi, phulusa, tsabola kapena ubweya wa galuyo. Kenako tipite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono, ndipo tikayamba jakisoni timalize onse pamasiku amene atiuza.

Galu woluma, ngati ndi wodziwika, amangidwe pamalo pomwe ana safika, azipatsidwa chakudya ndi madzi, ndipo aonedwe kwa masiku 10 mlangizi wa ziweto atadziwitsidwa. Koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo. Mbuzi kapena ng'ombe yolumidwa ndi galu wokayikitsa nayonso tikanene, ndipo ikayamba kutuluka dovu kapena kulusa tisaizinge kuti tidye.

Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za chiwewe, ndipo maiko adagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa galu. Mbali yathu kuno ku Phalombe ndi yaing'ono: sabata ino tifunse amfumu kapena mlangizi wa ziweto za tsiku la katemera, ndipo tikumbutsane ndi anansi, pakuti galu wa mnansi amaseweranso ndi ana athu.