Mtsuko Wathu Usathere pa Phale

Kodi ndi nyumba zingati ku Ntaja, ku Liwonde kapena ku Ulongwe zimene zikumwabe madzi a mumtsuko? Zigubu ndi ndowa za pulasitiki zalowa paliponse, ndipo sefuliya zalanda malo a mphika pamoto. Amayi odziwa kuumba akukalamba, pomwe atsikana athu ambiri sadziwa ngakhale kumene mtapo umakumbidwa. Nkhawa yathu ndi yakuti luso limeneli lingathe ife tikuona.

Luso la dongo ndi lakale kwambiri kuno kunyanja. Mapale amene akatswiri anafukula ku Nkope m'boma la Mangochi akusonyeza kuti anthu ankaumba mbiya kumeneko zaka zoposa 1,500 zapitazo. Kaumbidwe kake sikanasinthe kwenikweni. Mayi amakumba mtapo, kuusinja ndi kuukanda, kenaka amakweza khoma la mbiya ndi manja opanda makina, kusalaza ndi chikonyo, ndi kukulungiza ndi kamwala kosalala mbiyayo ikayamba kuuma. Ikauma pamthunzi amaiotcha ndi nkhuni kapena makungwa. Mtsuko wotere umadutsitsa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo chinyezicho chikamauma kunja madzi amazizira mkati. Chigubu sichingachite zimenezi.

M'maiko ena a mu Africa muli amisiri amene anatenga mtsuko womwewu ndi kuupatsa maonekedwe atsopano. Mmodzi mwa iwo ndi mayi Magdalene Odundo amene anabadwira ku Nairobi m'chaka cha 1950 ndipo amagwirira ntchito ku England. M'chaka cha 1974 iwo anapita ku Abuja m'dziko la Nigeria kukaphunzira kwa amayi oumba ndi manja, kuphatikizapo mayi Ladi Kwali amene chithunzi chawo chili pa ndalama ya 20 naira. Mayi Odundo amaumba ndi manja ndi kukulungiza ndi timiyala monga momwe amachitira agogo athu. Kusiyana kwake ndi kwakuti iwo amatalikitsa khosi la mbiya, kulipinda, kapena kutambasula kukamwa kwake, mpaka mbiyayo imakhala chinthu choti munthu aime ndi kuyang'ana. Akaotcha mpweya ukulowa bwino mbiya imatuluka yofiirira, koma akaitsekera mu utsi imada bii ndi kunyezimira. Ntchito zawo zimasungidwa ku British Museum, ndipo m'chaka cha 2020 mbiya yawo imodzi inagulidwa pa mtengo woposa mapaundi 200,000.

Ku Cape Town nakonso kuli mayi Zizipho Poswa amene amasanjikiza mbiya zikuluzikulu ina pamwamba pa inzake pokumbukira katundu amene amayi akumudzi amasenza pamutu. Ntchitozo anazitcha Umthwalo, kutanthauza katundu.

Ena angafunse ngati luso lotere ndi loyenera pakhomo la Msilamu, poti masheikh athu amatichenjeza za kuumba mafano a anthu ndi nyama. Mtsuko si fano. Kukongola kwake kuli m'mimba mwake, pakhosi, pa mizere yolembedwa paphewa ndi pa mtundu umene moto wasiya, ndipo Asilamu a ku Iran, Turkey ndi Morocco akhala akukometsa ziwiya za dongo ndi maluwa ndi malembo kwa zaka mazanamazana.

Kwathu kuno umboni wakuti dongo limalola kusintha ulipo kale. Mbaula ya Chitetezo ndi mphika umene unabooledwa khomo la nkhuni ndi kuikidwa timitu tokhazikapo poto. Magulu a amayi m'boma la Balaka anaumba mbaula zambiri zotere mothandizidwa ndi bungwe la Concern Universal, makamaka boma litalengeza m'chaka cha 2013 kuti likufuna mbaula zosunga nkhuni 2 miliyoni pofika 2020. Manja amene ankaumba mikhate anaphunzira chikombole ndi uvuni, ndipo mabanja anapeza ndalama ya sopo ndi makope. Nako ku Dedza Pottery, imene inayamba m'chaka cha 1987, Amalawi amaumba makapu, mbale ndi miphika ya maluwa yogulidwa ndi alendo.

Pempho lathu kwa makolo ndi ili. Ngati m'mudzi mwanu muli agogo oumba, tumizani ana akakhale nawo pa tchuthi, akande dongo ndi kuona kumene limakumbidwa. Mwana akaumba mtsuko wa khosi lachilendo musamuseke. Mukapita kumsika musanenerere mtsuko ngati chinthu chotola, kumbukirani masiku amene mayiyo wataya pokumba, kuumba ndi kuotcha. Ndipo pakhomo pathu tiyeni tibwezeretse mtsuko pakona ya nyumba, kuti mlendo akafika m'mwezi wa October dzuwa likuswa mtengo, amwe madzi ozizira ndi kufunsa dzina la amene anauumba.